Ndamupeza Mkamwini Wanu pa Chimulu cha Malasha

6 Meyi

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, makamaka bondo lija, komanso za ana athu awiriwo. Ine ndinafika bwino ndipo ntchito ndayamba. Kalatayi muwerenge nokha ndi magalasi ndaika m'phukusiwo. Musamupatse wamkulu kuti akuwerengereni monga mumachitira. Chifukwa chake muchipeza kumapeto.

Munkaopa kuti ndizilowa pansi pa nthaka. Ayi, mgodi wa kuno unatsekedwa kalekale, eni ake anapakira zawo n'kumapita. Chimene anasiya ndi mulu wa zotsalira za malasha, miyala yakuda ndi fumbi, wautali moti munthu akaima pamwamba amaoneka ngati nyerere. Anthu amangoti Chimulu. Vuto lake n'lakuti sichikhazikika. Mvula ikagwa chimatsetsereka, pomwe kunsi kwake kuli nyumba za anthu mizeremizere, mpaka sukulu ya mkaka. Ndiye ntchito yathu ndi yochikhazika pansi. Makatapila amachisema kuti chikhale ndi masitepe akuluakulu. Amuna ena amakumba ngalande zoti madzi aziyendamo, ena amadzaza miyala m'mabokosi a waya n'kuwasanja kuphazi kuti akhale khoma. Ife amayi timabwera pambuyo. Timawaza laimu, timayala dothi labwino ndi manyowa, timafunditsa ziguduli n'kuzikhomera ndi zikhomo, kenako timadzala udzu. Tsiku loyamba ndinaseka ndekha. Munthu kuthawa khasu kwathu, ulendo wonsewu, n'kudzapeza khasu likundidikira pachipata!

Chipinda tikugona awiri, ine ndi mayi wina wachikulire amene anzathu anamutcha Wailesi chifukwa sazima. Muli mabedi awiri achitsulo, kasitovu ka magetsi, ndi zenera limene sititsekula chifukwa fumbi limalowa mpaka m'shuga. Ukamina, chotuluka n'chakuda. Wailesi wandibwereka bulangete mpaka ndidzagule langa, poti kuno bulangete limodzi mtengo wake ngati wa mbuzi.

Tsopano khalani pansi, Amayi.

Ndamuona. Mkamwini wanu, bambo wa ana muli nawowo. Lachitatu m'mawa tili pamzere wolandira zipangizo ndinamva munthu akukalipira woyendetsa wilibala, ndipo mawuwo ndinawadziwa mwini wake asanatembenuke. Ndi kapitawo wa gulu lomanga khoma. Wanenepa, khosi lachita kupanga mizere kumbuyo. Wavala chipewa choyera cha akuluakulu, makiyi akulendewera m'chiuno. Iye sanandizindikire, poti tonse timavala zotseka pakamwa ndi mphuno.

Zaka zonsezi tinkati mwina anafa, mwina ali m'ndende. Munthu amene anasiya achemwali pabedi la chipatala, khanda lili pambali, n'kunena kuti, "Ndikukagula sopo, ndibwera pompano." Chitseko chikangolira achemwali ankadzutsa mutu, "Wabwera?" mpaka tsiku limene mutuwo unakanika kudzuka. Amene ndinawatseka maso ndine. Iye ngakhale pamaliro sanaponde. Ndiye lero ndimupeze akuseka, mano onse pamtunda?

Khasu linandigwa m'manja. Wailesi anati, "Mwana iwe, waona mzukwa?" Ine ndinati, "Ayi mayi, mzukwa uli ndi ulemu, umabwerako kudzaona abale ake."

Ana musawauze kanthu. Nsapato zili m'phukusizo ndi za wamng'ono. Zikamukulira muikemo nsanza kutsogolo, akula nazo.

Ine mwana wanu.

14 Juni

Amayi,

Landirani moni. Kalata yanu inandipeza, ndakondwa kumva kuti bondo lapepukako. Ine ndili bwino kupatula kachifuwa, koma kuno kachifuwa aliyense ali nako.

Mwati ndimusiye, kubwezera n'kwa Mulungu. Ndamva. Koma Amayi, migodi yonse ili m'dziko lino, Mulungu yemweyo ndiye wandikweza basi n'kudzanditsitsa pakhomo pa munthu ameneyu. Tinene kuti analakwitsa siteji?

Ndalankhula naye. Nthawi yopuma masana anali yekha kuseri kwa thanki yamadzi akudya. Ndinapita, ndinavula chotseka pakamwa, n'kupinda mawondo pang'ono monga munatiphunzitsira. Ndinati, "Alamu, mwaswera bwanji? Sopo uja munamupeza?"

Mukanaona nkhopeyo! Anayang'ana uku ndi uku, n'kuti, "Mayi, mwandifanizira."

Ndinati, "Chipsera cha pachibwanocho ndachifaniziranso? Si achemwali anakutsukani bala limenelo?"

Apo ndiye anatsitsa mawu. "Tamverani mlamu, zakale zinapita. Ndinali mwana, ndinachita mantha. Kuno ndili ndi banja, ndili ndi udindo. Mukufuna chiyani? Nenani ndikuthandizeni."

Ndinaima ndithu kumupatsa mpata woti afunse za ana. Sanafunse. Ngakhale kungofunsa kuti khanda lija linakula kapena linatsatira amake, ayi. Ankangoyang'ana ku ofesi ngati kukubwera munthu. Ndiye ndinati, "Sindikufuna kanthu, alamu. Ndimangopereka moni."

Pochoka anandiitana. "Mapepala anu ogwirira ntchito kuno ali bwinobwino? Chifukwa pakamwa pakatalika, mapepala amafupika."

Kutacha ndinapeza andisamutsira Pamoto. Ndi mbali ina ya Chimulu imene imayaka m'kati, zaka ndi zaka, moto wosaoneka ndi maso. Utsi umatulukira m'ming'alu, fungo lake ngati mazira ovunda, ndipo pansi pamatentha mpaka jombo zimafewa. Ntchito ya kumeneko ndi kutseka ming'alu ndi dothi lamakande n'kulipondereza kuti moto usowe mpweya. Amatumako amuna, mosinthanasinthana. Ine andiika tsiku ndi tsiku. Anzanga akungondifunsa kuti, "Wamulakwira ndani ku ofesi?"

Akuganiza kuti nditopa ndikwere basi. Sandidziwa. Ine ndine uja ndinkachapa nsalu za achemwali ndi manja awa mpaka khungu kusupuka, utsi sungandithamangitse. Ndikamapondereza dothi ndimayesa ndikuponda pakhosi pake, moti a injiniya anandiyamikira kuti malo anga ndi olimba kuposa a amuna onse. Akanadziwa!

Kangachepe ndatumiza kudzera kwa a dalaivala a basi. Muitane mmisiri akonze chitseko cha kuchipinda kwa ana, koma musamupatse kanthu asanamalize, mukumudziwa. Wamkulu asajombe kusukulu chifukwa cha yunifolomu, yakaleyo muifutukule m'mphepete.

Ndine wanu.

2 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Pepani ndakhala chete. Ndinagonako masiku angapo, chifuwa chija chinakula, koma tsopano ndadzuka. Musade nkhawa. Wailesi anandisamala ngati mwana wake, ngakhale mankhwala ake aakulu ndi kulongolola. Munthu umachira msanga kuti uthawe nkhani.

Ndinapita kunyumba kwake. Musadzidzimuke, mwini wake kunalibe. Mkazi wake ndi telala, amasokera pakhonde, ndiye ndinang'amba dala thumba la ovolosi yanga n'kupita nayo Loweruka. Nyumbayo ili mumzere woyamba, kuphazi kwenikweni kwa Chimulu. Ukaima kuseri n'kukweza mutu, thambo suliona, umangoona kuda. Koma mkati, Amayi! Makatani oyera, masofa okutidwa ndi pulasitiki, firiji ikung'ung'udza pakona. Achemwali anapita kumanda asanakhalepo pampando wofewa m'nyumba mwawo.

Ndinkafuna ndikapeze mkazi wamwano, woyang'ana munthu kuyambira kumapazi, woti ndimude bwinobwino. Ndinapeza kamtsikana kochepa kwa ine, kali ndi pakati pooneka kale. Anandipatsa mpando, anandiphikira tiyi, ndipo za kusokako anakana kulandira. Ati, "Inu a Pamoto mumavutika. Abambo akunyumba kuno amati kumeneko amaikako olimba mtima okhaokha."

Ndinafunsa ngati mwanayo ndi woyamba. Anaseka mwamanyazi. "Woyamba kwa tonse awiri. Abambo akuchita kusowa tulo ndi chimwemwe. Akuti moyo wawo wonse akhala akulakalaka wina atawaitana kuti bambo."

Tiyi uja anasanduka ndulu. Mawu anafika pansonga ya lilime, koma ndinawameza. Musaganize kuti n'chifundo. Ndikamuuza mkazi, iye alira, mwamunayo apepesa, amugulira nsalu yatsopano, nkhani yatha, ine andikweza basi. Kumeneko n'kumenya njoka kumchira. Ine ndikufuna mutu.

Ndipo pamene pali mutupo ndayamba kupaona. Wailesi, amene amadziwa ngakhale zimene nkhuku za eni zalota, wandinong'oneza kuti Lamulungu lililonse ntchito ikaima kumabwera anthu okumba malasha kuphazi kwa Chimulu. M'zotsaliramo mumapezekabe malasha abwino, amakagulitsa kwa owotcha njerwa. N'zoletsedwa kwambiri, chifukwa kukumba kuphazi kuli ngati kucheka miyendo ya tebulo chakudya chili pamwamba. Malowo anatchinga ndi mpanda, chipata chake n'chimodzi, ndipo makiyi ake amalendewera m'chiuno mwa munthu mmodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwati wamkulu wafunsa ngati kuno ndakumanako ndi anthu a kwathu. Muuzeni kuti ayi, sindinakumane ndi munthu. Pamenepo simunama.

Mbuzi musagulitse pano, mitengo ndi yotsika. Dikirani kaye.

Mwana wanu.

21 Seputembala

Amayi,

Moni kwa inu ndi ana. Ine ndikadali wamphamvu. Kuno kwayamba kutentha, ndipo Pamoto ndiye musachite kufunsa.

Ndaona ndi maso anga. Lamulungu lapitalo m'malo mopita kutchalitchi ndinakwera pa sitepe yachiwiri n'kugona chafufumimba kuseri kwa mulu wa ziguduli. Dzuwa litakwera pang'ono mkamwini wanu anabwera, anatsekula chipata, n'kulowa amuna a mapiki ndi matumba, kalole kakale kali pambuyo. Akumba mapanga kuseri kwa khoma la miyala, aatali moti munthu amalowa chokwawa n'kusowa. Akamaweruka amatseka pakamwa pa phanga ndi malata akale n'kukwirira ndi fumbi. Lolemba gulu lake limadzasanja miyala patsogolo, ndiye angadziwe ndani? Iye amangokhala pa ndowa yovundikira, aliyense wotuluka ndi thumba amamuponyera kanthu m'chipewa choyera chija.

Pamwamba pake, pa sitepe yachitatu pomwe anzanga anadzala udzu, pachita mng'alu wautali wolowa dzanja. Woyeza malo akuti zikhomo zimene anakhoma zasuntha. A injiniya, mayi wamfupi wosaseka, anatisonkhanitsa tonse m'mawa. Anati, "Chimulu chikuyenda, ndipo sichikuyenda chokha. Chilipo chikuchitika kunsi. Ndafunsa akapitawo, akuti zonse zili bwino. Amene waona kanthu abwere kwa ine, dzina lake sindidzatchula." Mkamwini wanu anaima pambali pawo akugwedezera mutu ngati dikoni pa ulaliki.

Wailesi anandigunda ndi chigongono. Kuchipinda tinakangana koyamba chikhalireni limodzi.

Anati, "Mawa ukanene. Kunsi kuja kuli ana a eni."

Ndinati, "Bwanji osakanena inuyo?"

Anati, "Ine ndangomva, iwe waona. Komanso mmodzi mwa okumbawo ndi mwana wa mchimwene wanga, ndiyambira pati?"

Ndinamuuza kuti ndinena ndithu, koma osati mu ofesi chitseko chotseka, kuti akamusamutse mwakachetechete ngati wodwala. Kumayambiriro kwa Novembala kukubwera akuluakulu a kampani ndi a boma kudzaona ntchito. Anthu onse a m'nyumba zija aitanidwa, mkazi wake adzakhala kutsogolo atavala deresi yosoka yekha. Tsiku limenelo ndidzakweza dzanja. Ndikufuna adzagwe pagulu, chipewa chili kumutu.

Wailesi anati, "Nanga mvula wapangana nayo?" Ndinati mvula kuno siyamba msanga, aliyense akutero. Anangozimitsa sitovu n'kutuluka.

Za kukhululuka musandilemberenso, Amayi, vesilo ndikulidziwa pamtima. Achemwali anakhululuka mpaka mpweya womaliza. Anapindulanji?

Mbewu mugule msanga mitengo isanakwere, ndipo musasunge pansi pa bedi, makoswe anatiphunzitsa chaka chatha.

Ine wanu yemweyo.

19 Okutobala

Amayi,

Ndili moyo. Ndayamba ndi zimenezo chifukwa mwina a dalaivala afika kale ndi nkhani. Zolemba zapindika chifukwa zala andimanga nsalu. Zikhadabo zina zinachoka, zimera.

Mvula inagwa Lachinayi masana, yamatalala, yosayembekezeka. Ife a Pamoto tinathawira m'kashedi. Gulu la Wailesi linatumidwa kukachotsa zinyalala mu ngalande ya sitepe yachitatu kuti madzi adutse. Kenako tinamva phokoso ngati lole ikukhuthula miyala, koma yosamaliza. Potuluka tinapeza mbali yonse ya kunsi yakhala pansi. Khoma la miyala lapindika ngati lamba. Udzu, ziguduli, dothi lonse tinasenza lija, zapita. Matope akuda analowa m'nyumba za mzere woyamba kudzera kuseri. Mwayi wake anthu anathawira panja atangomva phokoso, ndipo ana a sukulu ya mkaka anali ataweruka.

Palibe wafa. Koma Wailesi anakwiririka mpaka pachifuwa. Tinamufukula ndi manja poopa kumubaya ndi fosholo. Mwendo wamanzere madokotala anayesetsa, koma audula pansi pa bondo.

Dzulo ndinapita kukamuona. Amayi, Wailesi wazima. Ndinamupatsa madzi, anamwa. Ndinamukonzera pilo, analola. Koma sananene kanthu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kukhoma.

Musandifunse chimene mukufuna kundifunsacho. Chipinda chino chili zii, bedi linalo likundifunsa kale.

Ntchito yaima, ndiye mwezi uno sinditumiza kanthu. Mbuzi ija tsopano mugulitse.

Amene ankatsekula chipata chija ndi iyeyo, mkamwini wanu. Pamenepo ndiye ndagwira ndi manja awiri, ngakhale ali omanga nsalu.

Mwana wanu.

4 Novembala

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji ndi ana? Ine zala zikupola, cholembera ndikuchigwira bwino.

Akuluakulu aja anabwera, koma osati kudzaomberedwa m'manja. Msonkhano unachitikira m'holo ya sukulu momwe akugona anthu a mzere woyamba. Matiresi anawaunjika pakona, mapoto ndi mitolo ya zovala m'mbali mwa khoma, anthu kudzaza mpaka m'mazenera. Kutsogolo tebulo: a kampani, a boma, ndi a injiniya.

Mkamwini wanu anamuitana kuti afotokoze monga kapitawo wa kunsi. Anavala jekete ndi tayi, chipewa chili kumutu m'nyumba momwe. Anati khoma linamangidwa bwino, koma vuto ndi amayi odzala udzu amene ankasiya ziguduli mu ngalande mpaka madzi anasefukira. Ndiye n'kutchula Wailesi. Ati, "Mayi ameneyo ndi wolongolola, ntchito saisamala, ndinamuchenjezapo." Munthu ali m'chipatala wopanda mwendo!

Dzanja sindinakweze, ndinangopezeka ndaima. Ndinati, "Bwana, tumizani katapila akafukule kuseri kwa khoma. Mukapeza malata, kuseri kwa malata mukapeza mapanga. Bambo awa ndiwo ankatsekulira anthu okumba malasha Lamulungu lililonse. Ndinawaona ndi maso anga."

Iye anaseka. "Mayi uyu ali ndi chifukwa ndi ine. Ankandifuna, ndinamukana."

Ena kumbuyo anaseka naye. Pamenepo ndinasiya kuyang'ana tebulo, ndinatembenukira kwa anthu. Ndinati, "Chifukwa ndili nacho, inde. Awa ndi alamu anga. Anakwatira achemwali anga, anawasiya akufa pabedi la chipatala. Ana awo awiri akuleredwa ndi mayi anga amene bondo likuwavuta." Kenako ndinamuyang'ana telala, anali pamatiresi atagwira mimba. Ndinati, "Mayi, mwana muli nayeyo ndi wachitatu."

Ndiye pakhomo panaima mnyamata wamtali, mwana wa mchimwene wake wa Wailesi. Anati, "Mayiwa akunena zoona. Ine ndinkakumba nawo, ndipo tinkawalipira bambo awa. Ndimangeni ngati mukufuna, azakhali anga alibe mwendo." Atatero anaimanso ena awiri.

A injiniya anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Munaona liti?" Ndinanena. Anati, "Ndiye tsiku ndinkafunsa lija munali mukudziwa?" Ndinati inde. Sanakalipe. Anangoti, "Inu ndi ine tidzakambirana," ndipo bola akanandimenya mbama.

Katapila anafukula masana omwewo, malata anatuluka anthu onse akuona. Titabwerera m'holo anamuuza mkamwini wanu kuti apereke makiyi ndi chipewa pomwepo, adikire apolisi. Amayi, mmene ankamasula makiyi aja, makiyiwo n'kugwa, iye n'kuwerama pamaso pa anthu onse kuwatola, ndinamva kukoma. Sindinama. Kukoma ngati madzi ozizira ukatsika Pamoto.

Kenako anapempha kuti akataye madzi. Ndinafuula kwa alonda kuti, "Musamulole yekha, munthu ameneyu akatuluka sabwerera!" Anati mayi mwakwiya chabe, khalani pansi. Jekete anaipeza yapachikidwa pamsomali, zenera la kuseri lili pululu.

Mufunsa ngati mtima wanga wakhala pansi. Kukoma kuja kunatha ndisanafike kuchipinda. Munthu wothawa sanalangidwe, wangosintha malo ogona.

Ine mwana wanu.

9 Disembala

Amayi anga,

Ndalandira kalata yanu, zikomo. Ndamva kuti chimanga chamera bwino ndi kuti wamng'ono waguluka dzino. Ine ndili bwino, chifuwa chikuchepa.

Ntchito inayambiranso. Mapanga aja awadzaza miyala ndi simenti, ndipo makatapila akusemanso Chimulu kuti chigone kwambiri kuposa kale. Mzere woyamba wonse augwetsa, pamenepo padutsa ngalande yaikulu. A injiniya anandiitana. Sanandichotse ntchito, koma anandichenjeza komaliza, ndipo ananditengera pomwe anakwiririka Wailesi n'kundisiya ndiime pamenepo. Pamoto anandichotsako, ndabwerera kodzala udzu. Masitepe apamwamba amene sanagumuke abiriwira ndi mvulayi, moti tikulimbana ndi mbuzi za anthu.

Wailesi anatuluka m'chipatala, wapita kukakhala kwa mwana wake wamkazi. Ndinamunyamulira chikwama mpaka pa basi. Atakhala pampando, ndodo zili pambali, anatsekula zenera n'kundifunsa mawu amodzi okha: "Wakhuta?" Basi inanyamuka ndisanayankhe. Ngakhale ikanaima tsiku lonse.

Pabedi lake pakugona telala. Musadabwe. Anthu onse atachoka m'holo muja anatsala yekha ndi makina ake osokera, kwawo n'kutali, masiku ake ayandikira. Atandiona anatchinga mimba ndi manja ngati ndabwera kudzamumenya. Ndinangoti, "Bedi lina lili chabe," n'kusenza makinawo. Masiku oyamba sitinkalankhulana. Kenako anapempha kuona chithunzi cha ana. Anachiyang'anitsitsa n'kuti, "Mphumi yake yeniyeni," n'kuyamba kulira. Deresi ndi kabudula zili m'phukusizo wasoka ndi iyeyo, miyezo anachita kundifunsa.

Mwati wamkulu wamva mphekesera kwa a dalaivala ndipo sakudya. Musamubisirenso. Muuzeni kuti bambo ake ali moyo, ndawaona, ndipo sanafunse za iye. Zimuwawa, koma bola zimuwawe pano kusiyana n'kuti akule akudzutsa mutu chitseko chikalira. Muuzenso kuti ali ndi m'bale wake amene akubwera, ameneyo sanalakwe kanthu.

Tsopano nkhani ndi iyi. Woyendetsa lole ya miyala anauza telala kuti wamuona mkamwini wanu ku mgodi wina wosiyidwa, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Akuti wameta mpala, akukumba malasha mobisa pamodzi ndi anzake, akugona m'chisakasa cha malata. Chimvereni zimenezo telalayu sakukhazikika. Anati, "Achemwali, tchuthi chikayamba mundiperekeze. Ndikufuna ndikamufunse ndekha. Mwina anangochita mantha. Akandiona mmene ndililimu abwerera." Masiku ano akunditcha achemwali.

Ndavomera. Choncho tchuthi chino sindibwera, musandidikire. Ana muwauze kuti ndidzabwera udzu ukagwira.

Telala wachapa malaya awiri a mwamunayo amene anawapulumutsa m'matope, wawasita, wawapinda bwinobwino m'chikwama. Ine ndinadutsa kwa wapolisi amene akusunga nkhaniyi. Wandiuza kuti ndikangomuona ndimuimbire, anzake a kumeneko adzakhala okonzeka. Nambala yake sindinalembe paliponse, ndaisunga m'mutu.

Telala sakudziwa. Dzulo tikudya anandigwira dzanja, misozi ili m'maso, n'kuti sanaonepo munthu wa mtima wabwino ngati ine.

Ndinamusiya athokoze.

Ine mwana wanu.